Mlandu wa Old Number One

Mu July 1990 bwalo lalikulu la milandu ku London linazenga mlandu umene wozengedwa weniweni inali galimoto. Edward Hubbard, munthu wosonkhanitsa magalimoto akale, anali atagwirizana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar kuti aigulitse Bentley ya mpikisano pa mtengo wa mapaundi 10 miliyoni: 6.8 miliyoni ndalama, otsalawo katundu wa kampaniyo. Anasainirana mu April chaka chomwecho. Pasanapite nthawi ogula aja anayamba kuzemba. Sanadandaule kuti injini ikuvuta kapena kuti bodi yadyeka ndi dzimbiri. Iwo anati galimoto imene ili m'manja mwa Hubbard si Old Number One ija inapambana mpikisano wa maola 24 ku Le Mans mu 1929 ndi mu 1930. Hubbard anakasuma kuti bwalo liwakakamize kukwaniritsa pangano, ndipo jaji Otton anapatsidwa funso limene kawirikawiri timawasiyira anthu a filosofi: chinthu chikamasinthidwa zigawo zake, lero ichi mawa icho, kwa zaka 60, kodi chimakhalabe chomwe chija?

Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho chimene chimandikoka kwambiri pa mlanduwu ndi mawu amene anakanganirana. Chigamulo chonse chinatsamira pa kusiyanitsa mawu atatu a Chingerezi, original, genuine ndi authentic, ndipo onse atatuwo ife tikhoza kuwameza ndi liwu limodzi lakuti "yeniyeni". Womasulira waulesi akhoza kulemba kuti jaji anapeza kuti galimotoyo si yeniyeni, komanso si yeniyeni, koma ndi yeniyeni. Kuti tione pamene mawuwa asiyanira, tiyenera kuyamba taiona galimotoyo.

Mpikisano wa ku Le Mans, m'dziko la France, unayamba mu 1923 ndi cholinga choyesa kulimba kwa magalimoto amene ankagulitsidwa kwa anthu. Malamulo a zaka zoyambazo ankafuna kuti galimoto ya injini yaikulu ikhale ya mipando inayi, inyamule zolemera m'malo mwa okwera, inyamulenso zida ndi sipeya zake, ndipo isathiridwe mafuta kapena madzi isanazungulire maulendo oikika. Madalaivala awiri ankasinthana usana ndi usiku pa misewu ya kumudzi yotsekedwa tsiku limenelo. Galimoto ya liwiro koma yofooka inalibe chake kumeneko. Kampani ya W.O. Bentley, ya ku Cricklewood mumzinda wa London, inkapanga magalimoto olemera ndi opirira, ndipo inapambana mu 1924, 1927 ndi 1928. Chimene inkasowa nthawi zonse ndi ndalama. Mu 1926 mnyamata wina wolemera amene ankakonda kuthamangitsa magalimoto, Woolf Barnato, anathiramo chuma chake n'kukhala wapampando.

Dzina la Barnato si lachilendo kuno kum'mwera kwa Africa. Bambo ake a Woolf, Barney Barnato, anachoka ku East End ya London ali wosauka n'kufika ku Kimberley mu 1873, nthawi imene aliyense ankathamangira dayamondi. Anagula maenje a anzake limodzilimodzi mpaka anakhala wopikisana wamkulu wa Cecil Rhodes. Awiriwa ataphatikiza migodi yawo mu De Beers mu 1888, cheke chimene chinalembedwa chaka chotsatira chogulira kampani ya Kimberley Central chinali cha mapaundi oposa 5 miliyoni. Kenako Barney analowerera ku golide wa ku Johannesburg. Anafa mu June 1897 atagwera m'nyanja kuchokera m'sitima pafupi ndi Madeira, Woolf asanakwanitse zaka ziwiri. Chuma chimene chinapulumutsa Bentley chinachokera m'maenje amenewo, mmene munkagwira ntchito amuna akuda ochokera m'madera ambiri a chigawo chino. Kuyambira cha m'ma 1885 amunawa ankatsekeredwa m'makomboni mpaka kontirakiti ithe, ndipo ankasechedwa thupi lonse kuti asatuluke ndi kamwala. Mabuku ambiri a mbiri ya magalimoto amangoti Woolf anali mwana wa mwini dayamondi, n'kupitirira.

Galimoto ya mlanduwu inapangidwa mu 1929. Inali ya mtundu wa Speed Six, injini ya masilinda 6 ndi malita 6.5, chasisi nambala LB2332, nambala ya pamsewu MT 3464. Ku Le Mans chaka chimenecho inalembedwa nambala 1, ndipo Barnato ndi Tim Birkin anaiyendetsa makilomita oposa 2,800, Bentley zina zitatu zikulondola m'mbuyo mwake. Malo anayi oyamba anapita ku kampani imodzi. Mu 1930 inabwereranso, ulendo uno italembedwa nambala 4, oyendetsa Barnato ndi Glen Kidston. Magalimoto anali 17 okha, koma pakati pawo panali Mercedes-Benz ya Rudolf Caracciola. Gulu la Bentley linaipanikiza mosinthana mpaka pakati pa usiku batire yake inafa, ndipo Barnato anapambana kachitatu motsatizana atayenda makilomita oposa 2,900. Dzina limene galimotoyo inatsala nalo ndi la nambala ya 1929, ngakhale theka la ulemerero wake inalipeza itavala nambala ina.

Ndipo galimoto ya 1930 sinali ndendende ya 1929. Pakati pa mipikisano iwiriyo inathamanganso kwina, ndipo fakitale inkachotsa chilichonse chotopa n'kuikapo chatsopano. Kwa amakaniko a nthawi imeneyo galimoto ya mpikisano inali chida cha ntchito ngati khasu: mpini ukathyoka umasema wina. Palibe amene ankasunga chitsulo chosweka poganiza kuti tsiku lina maloya adzachifuna.

Mu 1931 kampani ya Bentley inamira m'ngongole, Barnato sanathiremonso ndalama, ndipo Rolls-Royce inaigula. Chaka chomwecho mu May, Kidston anafa ndege imene anakwera itaphwasukira m'mwamba pa mapiri a Drakensberg, patangopita milungu yochepa chiulukire kuchokera ku England kufika ku Cape Town m'masiku 6 ndi theka. Barnato anatsala ndi Old Number One ngati yakeyake, ndipo analemba ntchito makaniko wina wa fakitale, Wally Hassan, amene analowa ku Bentley mu 1920 ali ndi zaka 15. Za Le Mans zinathera pomwepo. Tsopano galimotoyo inali ya Brooklands, bwalo la konkireti ku Surrey lotsegulidwa mu 1907, la makona opendekeka ngati mkati mwa beseni. Mu October 1931 Jack Dunfee ndi Cyril Paul anapambana nayo mpikisano wa mamailosi 500.

Pogona mlandu ndi chaka cha 1932. Konkireti ya Brooklands inali ya mabampu, ndipo galimoto yolemera yothamanga pafupifupi makilomita 190 pa ola inkamenyeka koopsa. Hassan anachotsa chasisi yakale, mafupa achitsulo aja amene china chilichonse chimamangidwapo, n'kuikapo ya Bentley ya mtundu wina, wa 4 Litre, imene inali yolimba koposa. Anasamutsirapo zigawo zambiri za galimoto yakale, injini yomwe. Pasanapite nthawi injini nayo inachotsedwa n'kuikamo ya malita 8. Bodi inalinso ina. Tiwerenge bwino: chasisi ina, injini ina, bodi ina. Funsani makaniko aliyense kuti galimoto ndi chiyani, akutchulirani zinthu zitatu zomwezo.

Pa 24 September 1932, mu mpikisano womwe uja wa mamailosi 500, Clive Dunfee, mng'ono wake wa Jack, ankapitirira Bugatti ya Earl Howe pamwamba penipeni pa kona. Tayala limodzi linatsetsereka kunja kwa mlomo wa konkireti. Galimoto inawomba mtengo, Dunfee anaponyedwa kunja n'kufera pomwepo, mkazi wake Jane Baxter, wochita zisudzo, ali m'gulu la oonerera. Barnato sanailowetsenso mu mpikisano. Hassan anatola zotsala n'kuimanganso kukhala galimoto ya pamsewu ya denga, nambala MT 3464 idakali pomwepo. Kenako inadutsa m'manja mwa eni angapo, bodi ikusinthidwanso, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamene Hubbard anaigula n'kuibwezera m'maonekedwe ake a ku Brooklands a 1932. Ichi chimandidabwitsabe. Mtengo wa mapaundi 10 miliyoni unkachokera ku Le Mans, koma nkhope imene galimotoyo inavala pogulitsidwa inali ya tsiku limene inapha munthu.

Mwayi wa Hubbard unali wakuti Hassan anali moyo. Anali ndi zaka 85, atagwira ntchito ku Jaguar ndi ku Coventry Climax n'kutchuka popanga mainjini, ndipo anaima m'bwalo kuchitira umboni. Iye anati mu 1932 sanatumidwe kupanga galimoto yatsopano. Anatumidwa kukonza Old Number One kuti ipirire Brooklands, ndipo iye ndi Barnato ankaiona choncho. Maloya a Middlebridge anamukumbutsa buku la mbiri ya moyo wake, Climax in Coventry, mmene nkhani yomweyo imamveka ngati galimoto yakale inapumitsidwa n'kumangidwa ina. Jaji anakhulupirira Hassan wa m'bwalo koposa Hassan wa m'buku.

Pofuna muyeso, Otton anatembenukira kwa Denis Jenkinson, mtolankhani wa magazini ya Motor Sport amene anakhala pambali pa Stirling Moss popambana Mille Miglia mu 1955. Mu 1987 Jenkinson anatulutsa Directory of Historic Racing Cars, ndipo m'bukumo anayesa kuika malire pa mawu amene ogulitsa ankawagwiritsa ntchito mwachisawawa. Kwa iye galimoto ya original ndi imene yakhala osakhudzidwa chiipangireni, ndipo ya mpikisano yotero n'njosowa kwambiri, chifukwa mpikisano woyamba womwewo umatha matayala ndi mapulagi. Ya genuine ndi imene yakhala ikugwira ntchito, ikukonzedwa ndi kusinthidwa zotha, koma osasiya mtundu wake. Ya authentic ndi imene yadutsa m'zambiri, yasinthidwa ngakhale kwakukulu, koma sinasowepo pamaso pa anthu, ndipo tsopano yabwezeredwa mmene inkaonekera pa nthawi ina ya moyo wake. Pansi pa zimenezi anaika magulu ena: youkitsidwa kuchokera ku zotsala zotayidwa, yomangidwa pa kachidutswa kamodzi, yokopera chabe.

Jaji anati Old Number One ya Hubbard singatchedwe original, singatchedwenso genuine, koma ikukwana mu authentic. Mbiri yake ndi yosaduka kuyambira 1929. Pa sitepe iliyonse galimoto yotsatira inatuluka mwa yoyambayo, nambala yake ya pamsewu inapitirira, ndipo panalibe tsiku limene munthu akanafunsa kuti ili kuti n'kusowa poloza. Anawonjezera mfundo imene ndimaiona yolemera koposa zonse: panalibe Bentley ina imene ikanalimbirana nayo dzinalo. Hubbard anapambana mlandu.

Mfundo yomalizayi ili ndi mbiri yake. Plutarch anasimba za ngalawa ya Theseus imene anthu a ku Athens anaisunga kwa mibadwo, akuchotsa thabwa lowola n'kuikapo latsopano, mpaka anzeru anayamba kutsutsana ngati ikadali ngalawa yomwe ija. Patapita zaka zoposa 1,500, Thomas Hobbes anathirapo tsabola: bwanji ngati wina ankatola matabwa otayidwa aja n'kumanga nawo ngalawa yachiwiri? Pa malonda a magalimoto akale funso la Hobbes si nthabwala. Chasisi yopindika imene fakitale inataya ikhoza kutoledwa, kuwongoledwa, kumangidwapo galimoto, ndipo mapeto ake magalimoto awiri amafika pa chionetsero ndi nambala imodzi. Otton anali ndi ngalawa imodzi yokha patsogolo pake, ndipo zimenezo zinamupeputsira ntchito.

Nanga mawu atatu aja tiwamasulire bwanji? Pamsika timati "orijino" potsutsana ndi "feki", ndipo ogulitsa sipeya amati "jenuwini" kutanthauza chochokera ku fakitale ya galimotoyo osati chokopera. Mawu awiriwa tinawabwereka kale, koma tinawabwerekera ntchito ina. Amayankha funso lakuti anapanga ndani, pamene funso la Otton linali lakuti chinthuchi chadutsa kuti. Ndikanapatsidwa chigamulochi kuti ndichiike m'Chichewa, original ndikanati "yosakhudzidwa", genuine ndikanati "yosasintha mtundu", ndipo authentic ndikanati "yosasowapo". Lomalizali silikoma m'kamwa, koma likunena zimene jaji ananena. "Yeniyeni" ndikanalisiya panja, chifukwa limalonjeza zambiri kuposa zimene bwalo linapereka.

Chilankhulo chathu chili ndi njira ina imene ingafike pafupi koposa. Mfumu ikamwalira, mwana wa mlongo wake amalowa dzina. Thupi ndi lina, zaka ndi zina, koma dzina, mpando ndi maubale zimapitirira, ndipo chimene chimamutsimikiza ndi chakuti anthu akudziwa mzere umene wadzera, komanso kuti palibe wina amene wakhala pa mpando womwewo. Ian Cunnison, amene anafufuza za anthu a m'chigwa cha Luapula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, analemba kuti kumeneko wolowa dzina amasimba zimene anachita makolo ake pa mpandowo ngati anazichita yekha, akunena kuti "ine". Galimoto ya 1932 inalowa dzina la galimoto ya 1929, ndipo imasimba za Le Mans ikunena kuti "ine". Fanizoli lili ndi malire ake. Pamudzi aliyense amadziwa pamene pali manda a mfumu yakale, ndipo palibe amene amasokonezeka. Wogula galimoto ya mapaundi 10 miliyoni amafuna kugwira chiwongolero n'kumva kuti dzanja la Birkin linagwira pomwepo, ndipo kulowa dzina sikupereka chimenecho.

Pa nkhani ya pangano ndikuona kuti Otton anaweruza bwino. Ogula anali anthu a malonda a magalimoto, osati achibwana, ndipo zimene zinachitika mu 1932 sizinali zobisika. Nthawi nayo ikunena zake. Mitengo ya magalimoto akale inakwera mopenga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makamaka Enzo Ferrari atamwalira mu 1988, ndipo mu 1990 inayamba kutsika. Kukayikira kumabwera msanga mtengo ukamagwa. Middlebridge Scimitar yeniyeniyo inagwa chaka chisanathe.

Komabe pali chimene mawu akuti "mbiri yosaduka" amabisa. Ngozi ya Dunfee itachitika, Barnato anatuma Hassan kumanga galimoto ina ya Brooklands, ndipo poyamba anaikamo injini ya malita 6.5 imene inachotsedwa mu Old Number One. Galimoto imeneyo inatchedwa Barnato-Hassan Special, ndipo palibe amene amaitchula Old Number One. Mwini ndi yemweyo, makaniko ndi yemweyo, kachitidwe n'komweko: chasisi yatsopano, zigawo zakale. Imodzi inalandira dzina lakale, ina dzina latsopano. Chimene chinasiyanitsa ndi mawu a mwini wake ndi buku la umwini, lija kwathu timati bulubuku. Barnato akanaganiza mu 1932 kuti galimoto ya chasisi ya 4 Litre ailembetse nambala yatsopano, zitsulo zomwezo zikanakhala galimoto ina, ndipo mu 1990 zikanagulidwa pa mtengo wochepa kwambiri. Choncho chimene chinapitirira osaduka ndi chifuniro cha munthu wolemera ndi mapepala amene anachilemba, ndipo mapepala oterowo amasungidwira zinthu zimene eni ake ali ndi mphamvu. Galimotoyi ili ndi manambala, zithunzi, mabuku, ndi chigamulo cha bwalo lalikulu. Amuna ambiri amene anakumba maenje a Kimberley, kumene kunachokera ndalama zoigulira petulo, sitingawatsate ngakhale kuchokera ku komboni kufika kumudzi kwawo.

Makampani nawo anaona kuti dzina lili ndi mtengo. Mu 2014 Jaguar inalengeza kuti ipanga magalimoto 6 atsopano a Lightweight E-type, n'kuwapatsa manambala a chasisi amene anasungidwa mu 1963 koma osagwiritsidwa ntchito. Mu 2019 Bentley inalengeza magalimoto 12 atsopano a Blower ya Birkin, ndipo mu 2022 inalengezanso Speed Six 12, zomangidwa ndi manja potsata mapulani akale. Mu ndandanda wa Jenkinson izi zikanakhala pansi, pakati pa zokopera. Pamsika wathu ndi zajenuwini, popeza wapanga ndi mwini dzina. Kampaniyo imazitcha continuation, kutanthauza kupitiriza, liwu loyandikana kwambiri ndi limene linapulumutsa Hubbard, ngakhale pakati pa Speed Six yomaliza yakale ndi yoyamba yatsopano padutsa zaka zoposa 90 ndipo eni kampani asintha kuchoka kwa Barnato kupita kwa Rolls-Royce, kwa Vickers, mpaka kwa Volkswagen. Tsiku lolengeza Speed Six zatsopanozo, zonse 12 zinali zitapeza kale ogula.